Counter ikukwera koma galafu ili pa ziro: MRTG, RRDtool, Zabbix, Prometheus kapena kulemba nokha?

Anzanga amene mumayang'anira ma netiweki, ndikudziwa ena mwa inu izi zinakuchitikiranipo. Pa ofesi ina pomwe ndinkagwira ntchito, anthu a chipinda chakumapeto ankadandaula kuti netiweki ikumachita zibwibwi nthawi zina, ine ndikatsegula galafu ya ma error pa poti yawo ndinkapeza mzere uli chigonere pa ziro, sabata yonse ziro, mwezi wonse ziro, ndiye ndinkawayankha kuti kumbali yanga zonse zili bwinobwino. Tsiku lina ndinalowa mu swichi momwemo nkuwerenga ifInErrors, counter ya ma error olowa pa poti, ndi maso anga, ndinadikira ola limodzi nkuwerenganso, nambala ija inali itakwera ndi 30. Waya anali ataphwanyika pomwe chitseko chinkamupana. Swichi inkawerenga bwinobwino nthawi yonseyo, ma error aja ankatayikira mu pulogalamu yojambula galafu, ndipo zinandipweteka chifukwa anthu aja anavutika mwezi wathunthu ine ndikukhulupirira chithunzi.

Timvane kaye kuti counter ndi chani. Ili ngati mita ya madzi ya panyumba ija, nambala yake imangopita kutsogolo, ndipo nambala imene ili pamitapo payokha siyikuuza kanthu, wowerenga mita amachotsera ya mwezi watha kuti apeze madzi amene mwagwiritsa ntchito. Mapulogalamu owunika netiweki amachitanso chomwecho koma amawonjezera sitepe ina, akachotsera amagawa ndi masekondi amene adutsa kuti apeze "zingati pa sekondi". Pa ma byte zimenezo nzabwino chifukwa ma byte amadutsa mamiliyoni pa sekondi. Koma tengani ma error 30 pa ola mugawe ndi masekondi 3600, mupeza 0.008. Error imodzi pa mphindi 5 ndi 0.0033. Ndiye pulogalamu ikakhala yosunga nambala zathunthu zokha imalemba 0 basi, ikakhala yosunga madesimo imakulemberani 3.3m mmbali mwa galafu, ndipo m ameneyo ndi milli, gawo limodzi mwa magawo 1000, anthu ambiri amamuwerenga ngati miliyoni kapena miniti.

Ma counter oyenda pang'onopang'ono alipo ambiri kuposa mmene timaganizira, ma error ndi ma discard (mapaketi otayidwa) a pa poti, ma CRC (mapaketi ofika ataonongeka), mapepala amene pulinta yasindikiza omwe mu Printer-MIB, mndandanda wa mayina a nambala zimene pulinta imapereka, amatchedwa prtMarkerLifeCount, maimelo obwezedwa, anthu olephera kulowa ndi pasiwedi yolakwika, kangati link yagwa nkudzukanso. Pa onsewa palibe bwana amene adzakufunseni kuti "ndi zingati pa sekondi", funso limakhala lakuti dzulo zinali zingati, mwezi uno mapepala apita angati.

Zimene ndimayang'ana ndisanasankhe

Chinthu choyamba ndi chimene pulogalamuyo imasunga pa disiki. Ina imasunga liwiro lowerengetsera kale nkutaya nambala yeniyeni, ina imasunga kusiyana kwa nambala ziwiri zotsatizana, ina imasunga nambala yeniyeniyo mmene yabwerera kuchoka ku chipangizo. Kwa ine apa ndi pamene pagona nkhani yonse chifukwa ukasunga nambala yeniyeni ukhoza kusintha funso chaka chamawa, ukasunga liwiro lodulidwa kale palibenso kobwerera.

Chachiwiri ndi chimene imachita nambala ikabwerera mmbuyo. Ma counter ambiri a SNMP (njira imene mapulogalamuwa amafunsira nambala ku zipangizo), ifInErrors yomwe, ndi a Counter32, akafika 4,294,967,295 amayambiranso pa ziro. Pa ma byte izi zimachitika msanga, link ya 1 Gbit/s yodzaza imazungulitsa counter yotere mu masekondi 34, nchifukwa chake kunabwera ifHCInOctets, counter ya ma byte ya 64-bit. Koma counter yokwera ndi 100 patsiku ingafunike zaka zoposa 100,000 kuti izungulire. Ndiye counter yoyenda pang'onopang'ono ikatsika, dziwani kuti siinazungulire, chipangizo chinazima nkuyakanso kapena wina anapanga clear counters. Pulogalamu yoganiza kuti yazungulira imaphatikiza 4,294,967,296 pa kusiyanako, igawe ndi masekondi 300, galafu yanu imatumphuka kufika pafupifupi 14 miliyoni pa sekondi, ndipo ma error enieni 30 aja sangaonekenso pansi pa nsonga imeneyo. Kwathu kuno komwe magetsi amathimathima ndipo si swichi iliyonse ili pa UPS, ichi si chinthu cha apo ndi apo ayi, muyenera kuchikonzekera kuyambira tsiku loyamba.

Chachitatu ndi mipata, seva yowunikayo ikazima kapena link yopita ku nthambi ikaduka maola 3, zimene zinawerengedwa mu maola amenewo zimapezekanso kapena zapita? Ndipo chomaliza ndi mmene galafu idzaonekere pakatha miyezi 6, chifukwa mapulogalamu ambiri amafinya zakale pozisandutsa ma avereji, ndipo avereji ndi mdani wa nambala zazing'ono.

Pa njira iliyonse ndikamba za mtengo, kupezeka, kusamalira ndi zoopsa zake. Mapulogalamu onse amene ndatchula pano ndi aulere, ndiye ndikati mtengo ndikunena makina, magetsi ndi nthawi yanu.

MRTG yokhayokha, ndi perminute kapena perhour

MRTG anailemba Tobias Oetiker wa ku Switzerland, inatuluka mu 1995, ndipo ikadali mmaofesi ambiri, imafunsa zipangizo mphindi 5 zilizonse nkulemba mu fayilo ya log kudzera mu kapulogalamu kake kotchedwa rateup. Vuto ndi lakuti log imeneyo imasunga nambala zathunthu zokha. Mankhwala ake ali mu mzere wa Options, mukaika perminute imachulukitsa ndi 60 isanasunge, mukaika perhour imachulukitsa ndi 3600.

Mtengo: pafupifupi palibe. Kompyuta yakale iliyonse ikwanitsa, ma log sakula, ndipo ngati MRTG muli nayo kale ndi nkhani yosintha mzere umodzi.

Kupezeka: ili mu ma repository a Debian ndi Ubuntu, imayendanso pa Windows ngati mwaikamo Perl. Siifuna database.

Kusamalira: kochepa, koma MaxBytes, malire a nambala yaikulu imene MRTG ingavomere, muyiganizire bwino. Nambala yoposa malire amenewo MRTG imaitaya, ndiye ndi imene imakutetezani ku nsonga ya reboot ija, koma mukaiika yaing'ono kwambiri mudzataya tsiku lenileni limene ma error anasefukira, tsiku lomwe mumalifuna kwambirilo. Komanso Target iliyonse, mzere wonena chimene mukuwunika, imafuna nambala ziwiri, ngati muli ndi imodzi yokha monga ya pulinta mumailemba kawiri nkubisa mzere winawo ndi noo. Mukasintha kuchoka pa sekondi kupita pa perhour yambani log yatsopano, apo ayi zakale ndi zatsopano zisakanikirana mu galafu imodzi.

Zoopsa zake: apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa anthu amaika perminute nkuganiza kuti athana nazo. Error imodzi pa mphindi 5 ndi 0.2 pa mphindi, imeneyo ibwereranso pa ziro. Ndi perhour error imodzi yomweyo imaoneka ngati 12, ziwiri ngati 24, chifukwa mu ola muli zigawo 12 za mphindi 5, ndiye munthu wosadziwa akaona 12 amaganiza kuti panachitika ma error 12 pomwe inali imodzi. Chinanso, MRTG ili ndi magalafu anayi, ya tsiku ya avereji ya mphindi 5, ya sabata ya mphindi 30, ya mwezi ya maola 2, ya chaka ya tsiku limodzi, ndipo ma avereji onsewo ndi nambala zathunthu. Poti imene imapanga ma error 10 patsiku ili ndi 0.4 pa ola, pa galafu ya chaka imagonanso pa ziro ngakhale muli ndi perhour. Palinso khalidwe lina, chipangizo chikapanda kuyankha MRTG imabwereza nambala yomaliza imene inaona, ndiye swichi ikazima pomwe panali 12, galafu ikhoza kujambula 12 usiku wonse ngati ma error akupitirira. Ikani unknaszero kuti izilemba ziro mmalo mwake.

Ena amathawira ku gauge kuti ajambule nambala yeniyeniyo. Zimasunga nambala inde, koma galafu ya MRTG imayambira pa ziro nthawi zonse, ndiye pulinta imene ili pa mapepala 184,000 ikawonjezera 200 mzere wake umaoneka wowongoka ngati palibe chachitika.

Banja la RRDtool: Cacti, Munin, LibreNMS kapena MRTG ya LogFormat rrdtool

RRDtool ndi ya Oetiker yemweyo, inatuluka mu 1999 pofuna kukonza zofooka za MRTG, ndipo chachikulu kwa ife nchakuti imasunga madesimo, 0.0033 uja samatayika. Imasungabe liwiro la pa sekondi, nambala yeniyeni siisunga, koma pojambula mukhoza kuchulukitsa ndi CDEF, kamzere ka masamu, mwachitsanzo CDEF:paola=x,3600,* ndipo VDEF yokhala ndi TOTAL imakupatsani chiwerengero chonse cha nthawi imene galafu ikuonetsa, chimene ndi nambala imene bwana amafuna ija. Mukawonjezera --step 3600 pojambula, chigawo chilichonse cha galafu chimakhala ola lathunthu ndipo nambala zake zimakhala ma error a ola limenelo, osati 12 wonamizira uja. Kuti m wa milli achoke mmbali ikani --units-exponent 0. Mu Munin zina mwa izi anazifewetsa kale, mu plugin mumangolemba graph_period minute.

Mtengo: fayilo ya RRD imakhala ndi kukula kumodzimodzi kuyambira tsiku loipanga, ndiye disiki mumaidziwiratu. Cacti ndi LibreNMS zimafuna PHP ndi MySQL kapena MariaDB, Munin siifuna. Ngati mukuika pa Raspberry Pi dziwani kuti kulemba mafayilo mazanamazana mphindi 5 zilizonse kumatopetsa SD card, rrdcached imathandiza posonkhanitsa zolemba kaye.

Kupezeka: zonse zimapezeka mosavuta pa Linux. LibreNMS, imene inapatuka ku Observium mu 2013, imadzipezera yokha ma poti nkujambula ma error osakuvutitsani, koma kusintha mmene imajambulira nkovutirapo kuyerekeza ndi Cacti komwe CDEF mumaipanga nokha pa sikirini nkuimata ku template.

Kusamalira: zisankho zazikulu mumapanga pa tsiku lopanga fayilo, step (kutalika kwa chigawo chilichonse), heartbeat (nthawi yaitali imene ingadikire nambala isanalembe kuti sizikudziwika) ndi ma RRA (nkhokwe zosungiramo zakale zofinyidwa). Mtundu wa DS (mmene fayilo imawerengera nambala yobwera, monga COUNTER kapena DERIVE) ndi heartbeat mukhoza kusintha pambuyo pake ndi rrdtool tune, koma zimene zinafinyidwa kale sizibwerera. Onetsetsani kuti pali RRA ya AVERAGE, chifukwa ndi imene imasunga chiwerengero chonse molondola, komanso ya MAX kuti mphindi 5 zoipa zija zisasungunuke mu avereji ya tsiku.

Zoopsa zake: mtundu wa COUNTER. Umenewu ukaona nambala yatsika umaganiza kuti yazungulira, ndiye nsonga ya 14 miliyoni ija imachokera pamenepa ngati simunaike malire a max. Pa counter yoyenda pang'onopang'ono gwiritsani DERIVE ndipo min ikhale 0, nambala ikatsika chigawo chimenecho chimangolembedwa kuti sichikudziwika, mwataya mphindi 5 zokha. Choopsa china ndi heartbeat, anthu ambiri amaisiya pa masekondi 600, ndiye seva ikazima kupitirira mphindi 10 chilichonse chimene counter inawerenga mu mpatawo chimatayika ngakhale swichi inachisunga. Pa zinthu ngati pulinta heartbeat yaitali imathandiza, kusiyana konse kumamwazidwa mu mpatawo ndipo chiwerengero cha mwezi chimakwana. Komanso musadabwe kuona error imodzi itagawika pawiri, 0.8 mu chigawo china 0.2 mu chotsatira, RRDtool imakankhira nambala ku malire enieni a step pomwe poller yanu, pulogalamu yofunsa zipangizo, siifika ndendende pa sekondi imeneyo. Chiwerengero chonse chimakhalabe cholondola koma pa lipoti loti munthu alipire ndalama zimenezi zimabweretsa mafunso.

Zabbix ndi Simple change

Zabbix ndi ya Alexei Vladishev wa ku Latvia. Kuyambira version 3.4 item iliyonse ili ndi gawo la Preprocessing, ndipo mmenemo muli zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza, Change per second ndi Simple change. Yoyambayo ndi liwiro la pa sekondi lomwe lija. Yachiwiriyo imangochotsera nambala yapitayo osagawa ndi nthawi, error imodzi imalembedwa 1, ziwiri 2, ndipo kunena zoona pa njira zonse zimene ndagwiritsapo iyi ndi imene imayankha funso lathu mosazungulira. Nambala ikatsika Zabbix siisunga kanthu, imadikira yotsatira, ndiye reboot siibweretsa nsonga.

Chimene ine ndimachita, ndimapanga item imodzi yosunga nambala yeniyeni, kenako dependent item yotenga kwa iyo nkupanga Simple change. Chipangizo chimafunsidwa kamodzi koma ndili ndi zonse ziwiri, ndipo trigger yonena kuti ma error akaposa 20 pa ola ndiuzeni imalembeka mosavuta ndi sum.

Mtengo: apa pakufunika seva yeniyeni, database ya MySQL kapena PostgreSQL, ndi disiki imene izikula. Pa zipangizo zochepa makina apakatikati akwana.

Kupezeka: ali ndi ma repository awoawo a ma Linux odziwika, ma template a SNMP amabwera nayo. Ngati muli ndi nthambi zakutali za link yodukaduka, Zabbix proxy imakhala konko nkumafunsa zipangizo, link ikabwera imatumiza zonse zimene inasunga, ndipo ichi chokha chimandipangitsa kuikonda.

Kusamalira: database ndi imene idzakudyereni nthawi, ma backup, housekeeper, kukweza version. Ma template obwera nawo amakonda kuika ma error pa Change per second ndiye muyenera kulowamo nkuona nokha, musangokhulupirira.

Zoopsa zake: mtundu wa nambala. Mukasankha unsigned pa Change per second, 0.008 imadulidwa nkukhala 0, vuto la MRTG lomwe lija labweranso. Ngakhale pa Simple change, unsigned ili ndi msampha wobisika, Zabbix imasunga history kwa nthawi yochepa kenako imadalira trends, zimene ndi min, avereji ndi max ya ola lililonse, ndipo pa unsigned avereji imadulidwa kupita pansi. Ola limene munali ziro 11 ndi 1 mmodzi avereji yake ndi 0. Ndiye galafu ya lero ikuoneka bwino, ya miyezi 6 ili pa ziro. Sankhani float kuyambira pachiyambi. Chinanso chaching'ono, nambala yapitayo Zabbix imaisunga mu memory, seva kapena proxy ikayambiranso kuwerenga koyamba sikutulutsa kanthu, nchifukwa chakenso item ya nambala yeniyeni ija ndi yofunika.

Prometheus, snmp_exporter ndi Grafana

Prometheus inayambira ku SoundCloud mu 2012. Maganizo ake ndi osiyana ndi onse apamwambawa, imasunga nambala yeniyeni nthawi iliyonse imene yafunsa, masamu onse amachitika pa nthawi imene inu mukufunsa funso. Mukafuna ma error a pa ola mumalemba increase(ifInErrors[1h]), mukafuna a patsiku mumasintha 1h kukhala 1d, ndipo funso latsopanolo limagwiranso pa zakale zonse zimene zili pa disiki. Nambala ikatsika imadziwa kuti ndi reset nkupitiriza kuwerengera kuchokera pa ziro. Mpata wa maola 3 pakati pa tsiku suononga chiwerengero cha tsikulo bola chipangizocho sichinazime. Mu Grafana sankhani mipiringidzo mmalo mwa mzere, Min interval muike 1h, ndipo mu funso mugwiritse $__interval kuti mpiringidzo uliwonse ukhale ndi zake zokha zosabwerezedwa.

Mtengo: disiki siidya kwambiri, zolemba zawo zimati sample imodzi imatenga 1 mpaka 2 byte, koma memory imafunika kuposa MRTG. Mtengo weniweni ndi kuphunzira PromQL, chilankhulo chake cholembera mafunso.

Kupezeka: ndi mafayilo ongokopera nkuyendetsa, kapena Docker. Pa ma poti module ya if_mib imabwera yokonzeka mu snmp.yml. Mukafuna MIB ina imene mulibe mmenemo muyenera kuyendetsa generator, ndipo imeneyo tsiku loyamba imatopetsa.

Kusamalira: zidutswa ndi zitatu, zinayi mukafuna Alertmanager, chilichonse ndi config yake. Chofunika kuchidziwa msanga, mukapanda kusintha imasunga masiku 15 okha. Ndaonapo munthu akufuna lipoti la mwezi watha nkupeza theka lake linafufutika. Ikani --storage.tsdb.retention.time pa tsiku loyamba. Payokha siifinya zakale, ofuna zaka zambiri amawonjezera Thanos kapena VictoriaMetrics.

Zoopsa zake: increase siipereka nambala zathunthu. Imatenga sample yoyamba ndi yomaliza mu nthawi imene mwapempha kenako imatambasula yankho kuti lifike mmalire, ndiye error imodzi ikhoza kuoneka ngati 1.02, ndipo nthawi ikakhala yaifupi kusiyanako kumakula. Pa kuwunika sizivuta, pa kuwerengetsa ndalama zimavuta. Mukafuna nambala yeniyeni chotserani nokha ndi offset 1d, koma pamenepo reset muziiyang'anira nokha. Musagwiritse irate pa ma counter awa, imayang'ana ma sample awiri omaliza okha ndiye pa galafu ya sabata error imene inachitika pakati imadumphidwa, zolemba za Prometheus zomwe zimanena kuti irate ndi ya ma counter othamanga. Musaphatikize ma counter a ma poti ambiri kaye kenako nkupanga increase, swichi imodzi ikazima masamu onse amasokonekera, yambani increase kenako sum. Ndipo pa mapulogalamu amene counter yake imabadwa pokhapokha chinthu chikachitika koyamba, chochitika choyambacho increase siichiona chifukwa panalibe ziro woyambira. Pa SNMP izi sizivuta kwenikweni chifukwa ifInErrors imakhalapo kale pa 0. Musaganizenso kuti popeza counter ndi yochedwa ndiye muziifunsa kamodzi pa mphindi 15, Prometheus imayang'ana mmbuyo mphindi 5 zokha pofuna nambala yatsopano, mukatalikitsa choncho magalafu ena amayamba kudukaduka.

Kulemba nokha: cron, snmpget ndi SQLite

Iyi anthu amaiderera koma pali malo ake. Kasikiripiti kakang'ono koyendetsedwa ndi cron, yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika mu Linux, kamodzi pa ola kapena kamodzi patsiku, kamafunsa ndi snmpget ya Net-SNMP nkulemba nthawi, dzina la chipangizo ndi nambala yeniyeni mu CSV kapena SQLite. Kuchotsera mumachita pambuyo, SQLite ili ndi LAG, yotengera nambala ya mzere wapitawo, kuyambira version 3.25, kapena mu spreadsheet momwemo. Ndi wowerenga mita uja ndendende.

Mtengo: madzulo amodzi olemba.

Kupezeka: paliponse pamene pali Linux.

Kusamalira: konse kuli pa inu, ndipo mukachoka pa ntchitopo wobwera pambuyo panu ayenera kupeza pepala lofotokoza kuti kasikiripiti kali pati.

Zoopsa zake: kakafa palibe amene angakuuzeni, mudzazindikira pa mapeto a mwezi. Alamu palibe. Reset muyenera kuigwira nokha, ndiye lembaninso sysUpTime, nthawi imene yadutsa chipangizo chiyakireni, pambali pa nambala iliyonse, ikatsika mwadziwa kuti chipangizo chinayambiranso, kungoti kumbukirani kuti nayonso imazungulira pakatha masiku pafupifupi 497. Ndipo pa rauta kuwerenga kamodzi patsiku nkoopsa, ikazima masana zonse za mmawa zapita. Pulinta ndi yosiyana, prtMarkerLifeCount ndi chiwerengero cha moyo wonse wa makinawo, siibwerera pa ziro ukaizimitsa, nchifukwa chake njira iyi imaikwana bwino.

Ndiye musankhe iti

Ngati muli ndi MRTG yakale imene ikuyenda ndipo mukungofuna kuona ngati poti ili ndi vuto kapena ayi, ikani perhour ndi unknaszero lero lomwe, konzani MaxBytes, ndipo lembani pansi pa galafu kuti 12 akutanthauza imodzi. Koma ngati ma counter anu ndi a 10 kapena 20 patsiku ndipo mukufuna kuona chaka chonse, musalimbane ndi rateup, sinthani LogFormat ikhale rrdtool, config yanu yambiri ikhalabe yomweyo, kungoti mudzafunika chojambulira china monga routers2.cgi.

Ngati muli kale pa Cacti kapena Munin palibe chifukwa chosamukira kwina chifukwa cha nkhani iyi yokha. DERIVE ya min 0, CDEF yochulukitsa, TOTAL pansi pa galafu, mwamaliza.

Amene muli ndi nthambi zingapo, link zosadalirika ndipo mukufuna foni ilire ma error akayamba, pitani ku Zabbix ndi proxy pa nthambi iliyonse, item ya nambala yeniyeni, dependent item ya Simple change, mtundu float. Ofesi ija ya waya wopanidwa ndi chitseko ndikanakhala ndikuyambiranso lero ndikanaika iyi.

Ngati mukuyamba kumene, muli ndi ma seva ndi mapulogalamu ambiri kuposa ma swichi, ndipo simunadziwe mafunso onse amene mudzafunsidwe, Prometheus ndi imene siidzakutsekerani njira, bola retention mwaikweza ndipo mwavomereza madesimo a increase.

Pomwe nambalayo ikukhudza ndalama, mwachitsanzo madipatimenti akugawana mtengo wa tona ndi mapepala, kapena kampani yobwereketsa pulinta ikulipiritsa pa tsamba lililonse, musatenge chiwerengero pa galafu ya avereji iliyonse. Lembani nambala yeniyeni ya prtMarkerLifeCount tsiku lililonse mu SQLite pambali pa chilichonse chimene mukugwiritsa kale, ndipo pa 1 mwezi uliwonse yerekezani ndi tsamba la status limene pulinta imasindikiza yokha.